Magazini ya nkhani zoopsa kuno ku Mangochi: ikonzeni kuti ifike pa nambala yachitatu

Nkhani zoopsa kuno kunyanja sitisowa. Khalani padoko m'mawa anthu akuyanika usipa pa thandala, kapena pa benchi ya ometa tsitsi kwa Mpondasi, simuchokapo musanamve za bwato lomwe linabwerera kumtunda lokha nyali zikuyaka, kapena za munthu amene anaikidwa m'manda Lachiwiri koma wina n'kukumana naye ku Chiponde Loweruka akusintha ndalama. Chosowa ndi malo oti nkhani zamtunduwu zizilembedwa mwaluso, zizidziwika kuti n'zopeka, wolemba n'kumalandirapo kangachepe. Magazini yaing'ono ingakhale malo amenewo, ndipo anthu atatu okhala ndi laputopu imodzi angathe kuiyambitsa.

Nambala 1, ndiye kuti magazini yotuluka koyamba, siivuta kutulutsa. Mtima umakhala uli m'mwamba, anzanu amagula chifukwa chokudziwani. Povuta ndi pa nambala 3, pamene ndalama za yoyamba zatsakamira m'ngongole, olemba odalirika apereka kale nkhani zawo zabwino, pepala lakwera mtengo. Ngakhale Weird Tales, magazini ya nkhani zoopsa ya ku America, yomwe inayamba mu 1923 ndipo ikutchulidwabe mpaka lero, inatsala pang'ono kumira m'ngongole pasanathe zaka ziwiri. Choncho chilichonse chomwe mukusankha poyamba, kukula kwa magazini, chiwerengero cha makope, mtengo, muzidzifunsa ngati mudzachikwanitsenso kachitatu.

Saizi yoyenera ndi A5, ndiye kuti pepala la A4 lopindidwa pakati. Pepala lililonse limapereka masamba 4, kotero chiwerengero cha masamba chizigawika ndi 4: masamba 24, 28 kapena 32. Pa 32 m'poimira. Amenewo ndi mapepala 8 ndi chikuto chimodzi pamwamba. Mukapitirira masamba 40, masamba apakati amatulukira kunja kwa chikuto moti mumafunika makina odulira m'mbali, omwe si shopu iliyonse ili nawo.

Tsamba la A5 lokhala ndi zilembo za saizi 10.5 kapena 11 limalowa mawu a Chichewa pafupifupi 250, ochepera a Chingerezi chifukwa mawu athu ndi aatali. Pa masamba 32 aja chotsanipo 8: limodzi la zamkatimu, limodzi la mawu a mkonzi, atatu a zithunzi, awiri a malonda, limodzi loitanira olemba. Otsala 24 akukupatsani mawu 6,000, omwe ndi nkhani zitatu za mawu 1,500 ndi ziwiri zazifupi za mawu 750. Nkhani zisanu pa nambala iliyonse. Musatulutse nambala 1 musanakhale ndi nkhani 10 zokonzedwa kale m'manja, chifukwa miyezi yotsatira idzathera pa kugulitsa ndi kulonjerera ngongole, osati pa kukonza nkhani.

Yambani ndi makope 100. Mapepala ndi 800, onjezeranipo 80 a kuwonongeka, ndiye kuti marimu awiri a mapepala 500 akukwanirani n'kutsalako oyeserera. Gulani pepala la 80gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala). La 70gsm ndi lotsikirapo mtengo koma zilembo za kuseri zimaonekera, makamaka pomwe pali chithunzi. Zikuto zikhale 110, za khadi ya 160gsm. Khadi yolimba kuposa pamenepo makina ena a fotokope amaikana, ndipo imasweka popinda.

Aliyense woyambitsa magazini ya zoopsa amalakalaka chikuto chakuda bii. Chilekeni. Chiwerengero cha masamba chomwe opanga amalemba pa bokosi la tona, ufa wakuda wosindikizira wa mu fotokope, amachiwerengera potengera tsamba lomwe tona yaphimba 5 peresenti yokha, ndiye tsamba lakuda lonse limadya tona ya masamba ambirimbiri. Mwini shopu akaona zimenezi amakweza mtengo kapena amachepetsa mphamvu ya makina, chikuto chanu n'kutuluka chotuwa chokhala ndi mizere. Kuonjezera apo, tona yochuluka imasweka pa mpindo, ndipo m'kutentha kwa Okutobala kwa kunoku imamatirira ku pulasitiki yokutira. Gulani khadi yofiira kapena yachikasu, wojambula ajambule ndi mizere yakuda yokhayokha, popanda mithunzi yotuwa yomwe fotokope imaisandutsa matope. Dzanja limodzi lotuluka m'madzi, lojambulidwa bwino pa khadi yofiira, limaoneka patali kuposa chithunzi chodzaza chotengedwa pa intaneti, chomwenso mwini wake sanakuloleni.

Kuyala masamba ndi pomwe mapepala ambiri amaonongekera. Pa pepala loyamba, mbali imodzi pamakhala tsamba 32 kumanzere ndi tsamba 1 kumanja, kuseri kwake tsamba 2 kumanzere ndi 31 kumanja. Pepala lachiwiri ndi 30 ndi 3, kuseri 4 ndi 29, mpaka pakati pomwe 16 ndi 17 amakumana. Manambala awiri oyandikana akaphatikizidwa azikwana 33, akapanda kukwana ndiye kuti penapake palakwika. Mu Word ntchitoyi imachitika mukasankha Book fold, mu LibreOffice mukasankha Brochure posindikiza. Posindikiza mbali zonse ziwiri muuzeni wa pamakina atembenuzire ku mbali yaifupi ya pepala, apo ayi masamba akuseri atuluka chadodolido. Siyani mpata wa mamilimita 12 mpaka 15 m'mbali monse, chifukwa fotokope siifika kumapeto kwa pepala ndipo kutsogolo ndi kuseri sizimalingana ndendende. Sindikizani kope limodzi lokha, lipindeni, muliwerenge kuyambira pachikuto mpaka kumapeto, kenaka mulole makina ayende.

Pa kompyuta zimitsani zinthu ziwiri: kukonza mawu kodzichitikira, ndi kudula mawu kumapeto kwa mzere. Zonsezi zimatsata malamulo a Chingerezi. Zimasintha mawu athu mwakachetechete ndi kuwadula pakati pa phatikizo, pamene phatikizo la Chichewa limathera pa lembo la liwu. Mukafuna kuti mizere ilingane mbali zonse ziwiri, mawu aatali ngati "sanadzabwererenso" amasiya mipata ikuluikulu m'mizere, ndiye bola kusiya mbali ya kumanja yosalingana. Onetsetsaninso kuti mtundu wa zilembo womwe mwasankha uli ndi ŵ ngati mukumugwiritsa ntchito, ndipo kushopu muzipita ndi PDF, osati fayilo ya Word yomwe ikasokonekera pa kompyuta ya eni ake.

Posindikizira pali njira zitatu. Fotokope ndi yoyenera makope 100 kapena ochepera. Makina a Riso, omwe amapezeka m'masukulu ena ndi m'maofesi a mipingo, amatsika mtengo makope akamachuluka: mbali iliyonse ya pepala imafuna masitala yakeyake (pepala lapadera lomwe makinawo amadindira makope), ndiye mapepala 8 ndi mamasitala 16, koma masitala ikapangidwa kope lililonse limatchipa. Inki yake imachedwa kuuma, choncho sindikizani mbali imodzi lero, inayo mawa. Makina akuluakulu ngati a Montfort Media ku Balaka muwaganizire mukadzafika pa makope mazana angapo, chifukwa mtengo wokonzera mapuleti umakhala womwewo kaya makope ndi 100 kaya 1,000.

Chinyontho ndi mdani wa ntchitoyi kuno m'mbali mwa Shire. Nyengo ya mvula pepala limamwa chinyezi, limapindika, limakodwa m'makina, ndipo tona siigwira bwino. Rimu musaitsegule mpaka tsiku losindikiza, ndipo isagone pansi pasimenti. Pomanga, sanjani mapepala 8 ndi chikuto, muwalinganize pathebulo, mumenye mapini awiri kuchokera kunja kwa chikuto ndi sitepula ya mkono wautali yoikidwa pa mamilimita 148, kenaka mupinde ndi kusisita mpindowo ndi botolo. Makope agone usiku umodzi atapanikizidwa ndi thabwa ndi njerwa. Sitepula yaitali ikasowa, tambasulani wamba, ikani katoni pansi, mumenye, miyendo ya pini muipinde ndi lula. Mapini amachita dzimbiri kunyanja kuno n'kudetsa masamba apakati. Amene ali ndi manja okwanira asoke ndi ulusi wolimba pa mabowo atatu, ndipo anthu anayi angamalize makope 100 pa Loweruka limodzi.

Mtengo muuwerengere motere. Phatikizani zonse zomwe nambala imodzi yadya: pepala, kusindikiza, malipiro a olemba ndi wojambula, mayendedwe, bandulo. Mugawe ndi 60, osati 100. Mwa makope 100 aja, 10 adzapita ulere kwa olemba, wojambula, ku wailesi ndi kosungira mabuku, ena adzanyowa kapena kung'ambika, ena ndalama zake simudzaziona. Tingoyerekeza kuti zonse zakwana K120,000: kugawa ndi 60 ndi K2,000. Ngati wogulitsa akutengapo 20 peresenti, gawaninso ndi 0.8, mtengo wa pachikuto ndi K2,500. Ikani manambala anu enieni a sabata yomwe mukusindikiza. Mtengo ukatuluka woti wowerenga wanu sangaufike, tsitsani masamba afike 24. Musadule malipiro a olemba.

Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo pepala ndi tona zimachokera kunja. Ndalama zosungidwa mu foni miyezi itatu sizigula marimu omwe zikanagula lero. Ndalama zoyamba kulowa kuchokera ku nambala 1 zigule pepala ndi khadi za nambala 2 sabata yomweyo. Mtengo musausindikize ndi makina pachikuto, siyani kabokosi koti muzidindamo kapena kulembamo ndi cholembera.

Tsopano nkhani yomwe ine ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa masamu onsewa. M'dziko muno nkhani yoopsa siikhala papepala pokha. Anthu anakula akumvera Nkhani za m'Maboma pa wailesi ya MBC, momwe zodabwitsa zimanenedwa ngati zochitika, ndipo chosindikizidwa ambiri amachitenga ngati umboni. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu okalamba anayi anaphedwa ataganiziridwa kuti ndiwo anatumiza mphezi yomwe inapha mtsikana. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo mpaka Blantyre, ndipo anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu. Abale athu achialubino akhala akuphedwa ndi kufukulidwa m'manda chifukwa cha bodza loti mafupa awo amalemeretsa. Mkonzi wa magazini ya zoopsa akugwira ntchito pakati pa zinthu zimenezi, ndipo nkhani imodzi yosasamala ingathe kuotchetsa nyumba ya gogo wina kwa Makanjira.

Lamulo la za ufiti la 1911 likugwirabe ntchito, ndipo limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Koma ngakhale lamulolo likanapanda kukhalapo, malamulo anu a mkonzi akhale olimba. Mudzi wa m'nkhani ukhale wopeka. Nyanja, mtsinje wa Shire, mlatho wa Bakili Muluzi, msewu wokwera ku Namwera, zimenezi zitchulidwe, koma pofika pa mudzi, mfumu, mzikiti, tchalitchi, sukulu kapena golosale, dzina likhale loti kulibe. Wolemba akabwera n'kunena kuti izi zinachitikadi kwathu, ndangosintha maina, nkhaniyo ibwezeni. Anthu a m'mudzimo adzamuzindikira munthuyo pa ndime yoyamba. Nkhani yomwe choopsa chake ndi nkhalamba ya maso ofiira yokhala yokha kumapeto kwa mudzi, kapena mwana wophunzitsidwa ufiti, kapena ziwalo za munthu zomwe zikubweretsadi chuma, isalowe, ngakhale italembedwa bwino chotani. Nkhani yotere imauza wowerenga kuti amene anapha aja sanalakwe. Za kundagala ndi za kudambwe nazonso zili ndi eni ake, musaulule zinsinsi za chinamwali pofuna kugulitsa makope.

Pansi pa tsamba lililonse, pafupi ndi nambala ya tsamba, lembani dzina la magazini ndi mawu oti "Nkhani yopeka". Kulemba kamodzi kokha mkati mwa chikuto sikukwanira. Munthu amajambula tsamba limodzi ndi foni n'kuliponya pa gulu la WhatsApp, ndipo pofika madzulo likuyenda lopanda chikuto, lili ndi mutu woti zachitika ku Malindi. Mawu awiriwo akakhala pa tsamba lenilenilo amayenda nalo limodzi.

Ena amadandaula kuti mukachotsa afiti a m'mudzi ndiye kuti mwachotsa zoopsa zonse. Ayi ndithu, ndipo apa m'pomwe Mangochi ili ndi chuma chomwe olemba sanachikhudze. Taganizani za mnyamata wa pa khoka la nkacha ku Malombe, amene ntchito yake ndi kumira pansi kukamanga khokalo anzake akudikira m'boti, madzi ali mbuu, iye akupapasa ndi manja okha. Tsiku lina akupapasa, chinachake chikumuthandiza kumanga mfundo. Taganizani za siginala, yekhayekha m'bwato ndi nyali zake pakati pa usiku, akuitana usipa, n'kuona nyali ina ikumuyankha kuchokera pansi pa madzi. Pafupi ndi nsanja ya wotchi pa boma pali chikumbutso cha anthu 145 omwe anamira ndi sitima ya Vipya mu 1946. M'dera lino munkadutsa misewu ya akapolo yopita kugombe la nyanja ya mchere. Pali nyumba zamalata zomangidwa ndi ndalama za ku Joni zomwe eni ake sanagonemo ngakhale usiku umodzi. Mayi akulandirabe mauthenga a mawu pa foni kuchokera kwa mwana wake wa ku Johannesburg, mawu ake enieni, kufunsa za mbuzi ndi za mvula, chonsecho bokosi lake linafika pa thiraki mwezi watha. Nkhani zoterezi zimachititsa tsitsi nyaunyau popanda kuloza chala munthu wamoyo, ndipo zimakhudza mantha omwe anthu ali nawo kale: madzi, mwera, ngongole, ulendo, kudikira.

Nkhani zomwe mudzalandire zidzakhala ndi matenda ofanana. Loyamba ndi mathero oti "ndinadzidzimuka, anali maloto". Wowerenga wapereka mantha ake kwa masamba asanu, wolemba n'kumulanda zonse pa mzere umodzi. Lachiwiri ndi abusa kapena shehe ofika pa tsamba lomaliza, kupemphera, zonse n'kutha, kenaka ndime ya ulaliki. Pemphero lingakhalemo m'nkhani monga momwe lilili m'moyo wathu, koma lisakhale khomo lothawira wolemba amene wasowa mathero. Lachitatu ndi kuonetsa chilombo chonse pa ndime yoyamba, mano, magazi, zikhadabo. Muuzeni wolemba kuti ayambe ndi chinthu chimodzi chaching'ono chomwe sichili m'malo mwake, monga mphasa yonyowa m'nyumba yomwe siidontha, ndipo chikule pang'onopang'ono. Palinso chizolowezi choyambira nkhani pa kubadwa kwa munthu ndi sukulu yomwe anaphunzira. Nthawi zambiri mukadula ndime zitatu zoyamba mumapeza pomwe nkhani ikuyambira. Anthu a m'nkhani aziyankhula monga amayankhulira kuno, Chiyao chilowe pomwe chikuyenera kulowa, bola tanthauzo lizimveka kuchokera pa zomwe zikuchitika.

Pa kalembedwe, gwirizanani tsamba limodzi la malamulo anu: mulemba "n'kupita" kapena "nkupita", mugwiritsa ntchito ŵ kapena ayi, manambala muwalemba motani. Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa a Centre for Language Studies ku Zomba ukhale pathebulo pothetsa mikangano. Wowerenga komaliza asakhale amene anakonza nkhaniyo, ndipo awerenge papepala mokweza mawu.

Olemba muwapeze kudzera pa Facebook, m'magulu a olemba a pa WhatsApp, kwa aphunzitsi a Chichewa a m'masekondale, ndi kwa mamembala a Malawi Writers Union. Poitana nenani momveka kuchuluka kwa mawu, tsiku lotsekera, malipiro, ndi zomwe simulandira. Ambiri adzatumiza nkhani yotaipidwa pa foni, ena adzajambula masamba a kope lolembedwa pamanja. Musawakane, koma werengerani nthawi yotaipa. Yankhani aliyense pasanathe mwezi, ngakhale yankho likhale lokana, chifukwa wolemba wosayankhidwa satumizanso ndipo amauza anzake. Mgwirizano ukhale wa tsamba limodzi: nkhani ndi ya wolemba, magazini yapatsidwa chilolezo choisindikiza koyamba papepala ndi pa PDF, wolemba asaitulutse kwina kwa miyezi 6, pambuyo pake ali ndi ufulu. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza wolemba, ndipo a COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso, angakuunikireni pomwe pakuvuta. Lipirani pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lomwe magazini yatuluka, musadikire kuti igulidwe kaye.

Nkhani zakuba zidzabwera. Ina ndi filimu ya ku Nigeria yongosinthidwa maina, ina yakoperedwa pa tsamba la Facebook, ina yalembedwa ndi makina n'kutanthauziridwa. Tengani chiganizo chimodzi cha pakati muchifufuze pa Google ndi pa Facebook. Kenaka muimbireni wolemba, mumufunse chifukwa chomwe munthu wa m'nkhani anabwererera kunyumba ija, ndipo mumupemphe asinthe ndime imodzi. Mwini nkhani amayankha mosavuta, mwinanso kukutsutsani. Wakuba amazimitsa foni.

Za boma n'zochepa koma musazilumphe. Lamulo la Printed Publications Act limafuna kuti chosindikizidwa chionetse dzina ndi adiresi ya wosindikiza ndi wofalitsa, ndiponso kuti kope liperekedwe ku National Archives ku Zomba. Zofalitsa zotuluka pafupipafupi zimalembetsedwa komweko, choncho lankhulani nawo nambala 1 isanatuluke. Pachikuto lembani kuti ndi ya akuluakulu, ndipo musakaigulitse pa geti la sukulu ya pulaimale.

Katatu pa chaka n'kokwanira: Meyi, Ogasiti ndi Novembala. Mu Meyi anthu akolola, ndalama ikuoneka. Ya Novembala isindikizidwe kumapeto kwa Okutobala mvula isanayambe. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya fizi, feteleza ndi njala, palibe amene angagule nkhani ya mizukwa ufa utatha m'nyumba. Yang'ananinso kalendala ya Ramadani, yomwe imabwerera m'mbuyo ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse. Ogula ndi ogulitsa anu ambiri kuno ndi Asilamu, ndipo si mwezi wowabweretsera magazini ya majini. Tsiku lotulutsa likhale pafupi ndi malipiro a kumapeto kwa mwezi. Siyani sabata yathunthu yapadera pa ndondomeko yosindikiza, chifukwa magetsi akazima shopu ya fotokope imayamba ndi makasitomala a mapepala awiriawiri, inu a mapepala 800 mudikire.

Pogulitsa, makope 60 agawidwe m'malo 12, asanuasanu, ndipo 30 mugulitse nokha. Malo abwino ndi pomwe anthu amakhala n'kudikira: kometera tsitsi, saluni, shopu ya sitesheonale, pa ajenti wa Airtel Money pafupi ndi depoti. Kunja kwa boma yesani Monkey Bay, Namwera, Malindi ndi Ulongwe, potumiza ndi dalaivala wa minibasi amene mukumudziwa, makope atakutidwa m'jumbo ziwiri. Kope limodzi pa malo aliwonse likhale loonetsa, lolembedwa choncho, apo ayi onse asanu adzawerengedwa ulere n'kubwerera ali ndi mafuta a chipisi. Wogulitsa asaine m'kabuku kuti walandira angati, ndipo mubwerere pakatha masabata awiri. Mukadikira mwezi, ndalama yanu imakhala italowa mu oda ya shopu yake. Amene walephera kulipira kawiri, ulendo wachitatu agule ndi kashi pa mtengo wotsitsa.

Olembetsa kulipiriratu manambala atatu ndi othandiza kwambiri, koma ndalama yawo ndi ngongole yomwe mwatenga. Ikhale pa nambala ya foni yapadera yomwe si ya aliyense wa inu, ndipo muzitapapo gawo limodzi mwa atatu pa nambala iliyonse ya magazini. Masamba awiri a malonda agulitseni kwa a sitesheonale, malo ogona alendo, sukulu zoyendetsa galimoto. Oyamba kubwera ndi ndalama m'manja adzakhala asing'anga olonjeza chuma ndi kubweza mwamuna wothawa. Akaneni. Malonda awo akakhala pafupi ndi nkhani zanu, mawu aja oti "Nkhani yopeka" atha mphamvu.

PDF ikangofika pa foni imodzi yafika paliponse, ndiye musaitulutse makope a pepala asanathe kapena pasanapite miyezi iwiri. Ikhale fayilo ina, ya masamba otsatana bwino, osati ija yoyalidwira kusindikiza, ndipo isapitirire 2MB kuti anthu asaope bandulo. Achibale a ku South Africa ndiwo angaigule. Pokopa ogula, ikani theka la nkhani imodzi pa Facebook sabata imodzi magazini isanatuluke, kapena pemphani wailesi ya m'dera ngati Dzimwe kuti wina wa mawu abwino awerenge nkhani yaifupi usiku, atanena poyamba ndi pomaliza kuti ndi yopeka.

Ntchito igawidwe patatu ndipo isasakanikirane: wina nkhani, wina kuyala masamba ndi kusindikiza, wina ndalama ndi kugulitsa. Wogwira ndalama asakhale amene amasankha nkhani, kuopa kuti nkhani ya mnzake wa malonda ingalowe pakhomo lakuseri. Mkonzi asaike nkhani yake m'nambala iliyonse, olemba akaona dzina lomwelomwelo amaleka kutumiza. Patatha masabata 6 nambala itatuluka, khalani pansi ndi kabuku kaja muone makope omwe ndalama yake yalowadi, osati omwe achoka m'nyumba. Akachepera 60, nambala yotsatira ikhale ya masamba 24 ndi makope 70, ndipo malo omwe sanagulitse kanthu achotsedwe. Onse akatha m'masabata awiri, onjezerani 20 okha, chifukwa ambiri mwa ogula nambala 1 anali okudziwani ndipo chiwerengero chenicheni cha owerenga chimaoneka pa nambala 2. Makope otsala musawatsitse mtengo msanga. Asungeni mu ndowa ya pulasitiki yotsekera, pamwamba pomwe chiswe sichifika, ndipo muziwagulitsa pamodzi ndi nambala yatsopano kwa amene angoidziwa kumene magaziniyo. Mafayilo a nambala iliyonse akhale pa fulashi ndi pa imelo ya magazini, osati pa laputopu ya munthu mmodzi amene mwezi wamawa angakwere basi ya ku Joni.